Nkhokwe imene alamu anamanga m'laputopu

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti wangokongoletsa pang'ono, mtima wanga umachita nseru. Mawu amenewa ndinawamva kwa alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga, ataima pakhonde la abambo kwathu kwa Zulu ku Mchinji, manja ali m'thumba, akudikira kuti tiwaombere m'manja. Ndipo anthu anawaomberadi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa Boma, m'kashopu kotayipa makalata ndi kuchita fotokope. Kumudzi ndinkapita Loweruka, osati lililonse. Ndinali ndi laputopu yakale yomwe ndinagula kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka, yolemera ngati njerwa, batire lake lotha mphamvu. Ndinaisiya kwa abambo chifukwa cha chinthu chimodzi chokha. Munali mawu a amayi.

Amayi ankakonda kuimba. Chaka chimene anayamba kudwala ndinkawajambula pafoni iwo osadziwa, akamaswa mtedza pamphasa. Zina zinali nyimbo za kutchalitchi, zina za pamtondo, zina zongopeka okha poseka abambo. M'zojambulazo munkamveka makoko a mtedza akusweka, nkhuku zikulira, ndi amayi akudula nyimbo pakati kuti akalipire mbuzi kenaka n'kuyambira pomwe analekezera. Amayi atamwalira, foni ija inagwera m'chitsime, ndipo khadi lake silinawerengekenso. Mawu aja anatsala malo amodzi okha padziko lonse, m'laputopu muja, momwe ndinali nditawakopera.

Abambo sadziwa Chingerezi. Anabwera ku Mchinji ali mnyamata kuchokera ku Mulanje, kudzalima fodya pa esiteti ngati tenanti, ndipo atakwatira amayi anakhala pachikamwini m'mudzi mwathu moyo wawo wonse. Choncho kompyuta ndinawaphunzitsa ndi zithunzi. Ndinawauza kuti kachikasu aka ndi kosungiramo zinthu, mukakadina kawiri muwapeza amayi. Kabini aka ndi dzala, musaponyemo kanthu. Anagwira msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Akaweruka kumunda ankailumikiza ku batire la sola, n'kukhala pampando wandalema, laputopu ili pamiyendo, n'kumamvetsera maso ali kumsewu. Sankalira. Nthawi zina ankawayankha amayi akamakalipira mbuzi.

Kenaka mng'ono wanga anakwatiwa. Mwamunayo anali wa cha kumalire, ndipo anakhalako ku Chipata akugwira ntchito m'kanyumba koika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu. Anabwerako ndi nsapato zosongoka, fulashi yolendewera m'khosi, ndi mawu oti manje pa chiganizo chilichonse. Ine sindinawade poyamba. Mlamu ndi munthu woseka naye, ndipo tinkasekadi.

Monga mkamwini aliyense, amalume anawaonetsa munda ndi ntchito yawo yoyamba. Nkhokwe yathu inali itapendekeka, denga litawola, ndipo inkafunika kuluka ina. Nsungwi zinadulidwa, zinaunjikidwa pansi pa mtengo wa mango. Zinauma pomwepo. Chiswe chinayamba kuzilawa. Alamu akagwira khasu kwa kanthawi ankaonetsa aliyense matuza a m'manja ngati mendulo, kenaka n'kukakhala pamthunzi ndi laputopu ya abambo. Chaka chimenecho chimanga tinachithira m'matumba n'kuchiunjika kuchipinda monga amachitira ambiri masiku ano, koma abambo sanakondwe nazo. Kwa iwo chinthu chosungidwa bwino ndi chimene chili m'nkhokwe, basi.

Loweruka lina, titangomaliza kukolola, ndinatsika pa kabaza n'kupeza pakhonde pali anthu. Panali amayi aang'ono awiri, amalume, ndi mng'ono wanga akumwetulira mpaka m'makutu. Abambo kunalibe, anali atapita kumaliro cha ku Ludzi ndipo ankakagona komweko. Laputopu inali patebulo, yoyang'ana kwa anthu ngati kanema.

"Alamu, mwafika nthawi yabwino," anatero alamu anga. "Manje bwerani muone ntchito."

Ndinayang'ana pasikirini ndipo sindinazindikire kanthu. Tizithunzi tonse tinali titasintha. Pamene panali mafoda achikasu panali madengu. Chithunzi cha kompyuta chinasanduka nyumba ya abambo, ndi khonde lake lomwe. Pokonzera zinthu panali khasu, pa nyimbo panali ng'oma. Ndipo pakona yakumanzere, pamwamba, pamene pankakhala kabini, panaima nkhokwe.

"Mwatani apa, alamu?"

"Ndangokongoletsa pang'ono. Manje kompyuta iyi yakhala ya kuno kwathu, si ya azungunso."

Amayi aang'ono anaimba nthungululu. Amalume anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mkamwini wagolide.

Alamu sanadikire kufunsidwa, anayamba kufotokoza. Anati tizithunzi tonse timene timaoneka pasikirini timakhala m'fayilo imodzi yaikulu, mkatikati mwa sisitimu, imene eni ake anaitseka kuti munthu wamba asaigwire. Iwo anali ndi kapulogalamu pa fulashi yawo ija kotsegulira mafayilo otere. Choyamba anayenera kuuza kompyuta kuti mwini fayiloyo ndi iwo. Atailowa anapeza mndandanda wa tizithunzi, kalikonse ndi nambala yake, ndipo ankachotsa kamodzikamodzi n'kuikapo kawo. Dengu limodzi lokha ankalidula kangapo, lalikulu, lapakati ndi laling'ono ngati nyemba, chifukwa kompyuta imafuna misinkhu yonse. Tsiku lina akuti anaphonya, kompyuta inakana kuyaka, sikirini inangoti bii, mpaka anabwezeramo fayilo yakale kuchokera pa fulashi. Ankafotokoza zimenezi ngati mlenje amene anapulumuka kwa njati. Ine ndinkangoganiza kuti tsiku limenelo mawu a amayi anali m'kati mwa chinthu chimene sichinkayaka.

"Nanga nkhokweyi ndi ya ndani?" ndinafunsa, chifukwa yathu ndinali nditaidutsa panja ili chigonere.

"Ya aneba. Ndinaijambula kawiri. Taonani."

Anakokeramo kafayilo kena, ndipo nkhokwe ija inasintha pomwepo, n'kuoneka yodzaza tho, chimanga chikusuzumira pansi pa denga. Anati bini imakhala ndi zithunzi ziwiri, china ikakhala yopanda kanthu, china ikakhala ndi zinthu. Choncho anajambula nkhokwe ya aneba isanalowe mbewu, n'kudikira kuti anthu akolole, n'kukaijambulanso itadzaza. Tangoganizani. Munthu amene analephera kupinda nsungwi imodzi anali ndi mtima wodikira nyengo yonse yokolola kuti apeze chithunzi.

"Alamu, dzala ndi nkhokwe ndi zinthu ziwiri zosiyana."

"Dzala ndinayesa kulijambula, linangotuluka dothi ndi nkhuku. Silioneka bwino pasikirini. Nkhokwe ndiye yozungulira ngati bini, so zikugwirizana chabe."

"Abambo amayendera zithunzi. Bwezeranipo bini lero lomwe."

Anaseka, n'kunena kuti alamu anga awa ndi ansanje chifukwa iwo amangodziwa kutayipa makalata opempha ntchito. Anthu anaseka nawo. Ndinabwereza mawu anga, osaseka, ndipo anati chabwino, abwezerapo mawa. Ndinamukokera mng'ono wanga kukhitchini n'kumuuza kuti abambo akangofika awauze kuti nkhokwe ija ndi dzala lomwe lija. Anavomera akuyang'ana kumbali. Lamlungu masana ndinabwerera pa Boma abambo asanafike.

Panapita masabata angapo ndisanapitenso. Tsiku limene ndinafika ndinawapeza abambo ali pampando wawo, laputopu ili pamiyendo, koma kunali zii. Titapatsana moni anandiuza nkhaniyo mosangalala, ngati munthu amene wachita chinthu chanzeru.

Anati chiikireni apongozi awo, alamu aja, mafilimu m'laputopumo, ana a m'mudzi ankadzazana pakhonde, aliyense akudina pamene wafuna. Iwo anachita mantha kuti tsiku lina mwana adzawononga dengu la amayi. Ndiye atayang'ana bwino anaona kuti apongozi anaganiza kale za zimenezo, anamanga nkhokwe pakona.

"Ndinangolinyamula dengu lija n'kulikokera m'nkhokwe," anatero. "Pomwepo inadzaza, chimanga mpaka kukamwa. Ndinati koma apongozi awa, ngakhale khasu limawavuta, mutu ulipo."

Ndinayang'ana pakona paja. Nkhokwe inali pululu.

"Koma dzana ndaona ngati yaphwa," anapitiriza. "Kaya ndi moto wachepa m'batiremu. Tawatulutsa amako tiwamve, papita masiku."

Ndinaitsegula nkhokweyo. Munalibe kanthu. Ndinafufuza dzina la foda ija paliponse, ndinatsegula madengu onse, ndinafufuzanso mayina a nyimbo imodziimodzi monga ndinawalembera. Abambo ankangondiyang'ana kumaso. Ndinawauza kuti ndikubwera, n'kupita kuseri kwa nyumba kumene alamu anakhala pampando akudya nzimbe.

"Alamu, munakhuthula bini?"

"Ee. Malo anatha, ndimafuna kuika mafilimu atsopano. Bwanji?"

"Munayang'ana zimene zinalimo?"

"Mu bini mumayang'anidwanso? Zinyalala ndi zinyalala."

Nditawauza chimene chinalimo, analavula zotsalira za nzimbe. Ndinaganiza kuti agwira pakamwa, kapena athamangira kwa abambo. Koma chimene chinatuluka ndi ichi:

"Manje ine ndikanadziwa bwanji kuti munthu angaike zinthu zofunika mu bini?"

Ndinawagwira dzanja, ine amene sindinagwirepo mlamu, n'kuwakokera pakhonde. Ndinaloza pakona paja n'kuwafunsa kuti andiuze pamaso pa abambo ngati chimene akuonacho ndi bini. Mng'ono wanga anatuluka m'nyumba ali ndi mwana kumsana, ndipo nditamufunsa ngati anawauza abambo zimene ndinamutuma, anati anaona ngati kutero n'kuwachotsa ulemu amuna ake, poti anali atalonjeza kale kuti akonza.

Lolemba ndinapita nayo laputopu ija kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta kumsika wa pa Boma. Anaisiya ikufufuza tsiku lonse. Madzulo anandionetsa zimene anapeza, ndipo zinali zidutswa za mafilimu zokhazokha. Anati zikanangofufutidwa n'kusiyidwa, bwenzi zitabwerera, koma malo amene munali mawuwo anali atathiridwa kale zinthu zina pamwamba. Ndinamupempha kuti angobwezeretsa tizithunzi takale. Anachita zimenezo, mafoda anakhalanso achikasu, bini inakhalanso bini.

Nditabwerera kumudzi ndinafuna kuti nkhaniyi ikambidwe. Amalume anaitanitsa mipando pansi pa mango, pafupi ndi mulu wa nsungwi zija zomwe tsopano zinali dothi lokhalokha. Ndinalankhula zonse, osasiya kanthu. Alamu anakhala chozolika akusewera ndi fulashi ya m'khosi. Mng'ono wanga analira n'kunena kuti ine ndinawada amuna ake chiyambire chifukwa ndilibe wanga. Amayi aang'ono anati zinthu za magetsi zimatero, palibe amene amazidziwa. Amalume anati mkamwini ndi mlendo, sitimuchititsa manyazi pagulu, ndipo mwanayu amafuna kutisangalatsa. Ndinawayang'ana amalumewo, mlongo wawo wa amayi weniweni, akuyeza mawu a mlongo wawo ndi manyazi a munthu wodya nzimbe, n'kupeza kuti manyaziwo ndiwo olemera. Zinandinyansa kwambiri.

Ndinkadalira abambo. Koma atafunsidwa maganizo awo anangoti, "Ndinaikamo ndine. Apongozi sanagwire dzanja langa."

Anthu atabalalika ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiuza kuti chaka chawo choyamba m'mudzi muno anapsereza fodya wa agogo anga m'chigafa, ndipo amakumbukabe mmene maso a mudzi wonse amalemerera pamsana pa munthu wobwera. Anatinso amayi atamwalira, abale akanatha kuwauza kuti anyamule katundu abwerere ku Mulanje, koma anawasiya. Munthu wosiyidwa mwachifundo sakweza mawu pa mkamwini mnzake. Ndinawamvetsa, koma kumvetsako sikunandichotsere mkwiyo. Ndinawasiyira laputopu ija chifukwa anaipempha, ngakhale sindinkaona chimene akanachita nayo.

Ndinakhala nthawi yaitali osapita kwathu. Mng'ono wanga ankaimba foni, ine osayankha. Tsiku lina ananditumizira uthenga woti amuna ake akonza zinthu, apepesa m'njira yawo, ndibwere ndidzaone. Mtima wanga wopusa unadumpha. Ndinaganiza kuti mwina anali atakoperako nyimbo zina pa fulashi ija n'kuiwala. Loweruka lomwelo ndinakwera kabaza.

Alamu anandilandira panjira, atavala malaya oyera. Anali ofatsa, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwawo ankaona ngati achita chinthu chachikulu.

"Alamu, zija zinandipweteka nanenso," anatero. "Ndiye ndaganiza kuti amayi tisawaiwale. Bwerani muone."

Anali atalowanso m'fayilo ija. Anatenga chithunzi cha amayi chimene chimakhala pakhoma, chija anavala duku loyera la kumpingo, n'kuchijambula ndi foni. Anadula mutu wokha, polekezera m'khosi, n'kuuika pamalo pa chithunzi cha foda. Koma chithunzi cha foda m'fayilo muja ndi chimodzi, ndipo mafoda onse amatengera pomwepo. Choncho sikirini yonse inali amayi. Mizere ndi mizere ya mitu ya amayi, yonse ikumwetulira mofanana. Pansi pa mutu wina panalembedwa dzina la filimu ya nkhondo, pansi pa wina nyimbo za m'mabala, pansi pa wina masewera a ana. Mukatsegula mutu umodzi munkapezamo timitu tina ting'onoting'ono, tosaoneka n'komwe nkhope, kadontho kakuda ndi kachigamba koyera pamwamba.

"Manje amayi ali paliponse," anatero alamu.

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa bafa. Sindinawatukwane. Nditabwerera ndinapeza alamu atachoka, abambo ali pampando wawo, laputopu ili pamiyendo. Ndinagwada pambali pawo n'kunena kuti andipatse ndipite nayo pa Boma, akachotse zonyansazi, ndipo ulendo uno siibweranso kuno.

Anaigwira ndi manja awiri.

"Isiye."

"Bambo, mulibe kanthu umu. Ndinakuuzani zimene ananena wokonza uja."

"Ndinamva. Koma iwe unayang'ana m'mene munali zachikasu. Izi zabwera pambuyo." Analoza mitu ija ndi chala chawo chokhakhala, osakhudza galasi. "Munthu sangaike nkhope ya amako pa chinthu chopanda kanthu. Ndayambira pamwambapa, ndikutsegula mmodzimmodzi. Ena ali ndi ena m'kati, ndiye zikuchedwa. Ndafika apa."

Chala chawo chinali pakati pa mzere wachiwiri. Pansi pake panali mizere ina yambiri.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za fayilo ija, kuti chithunzi ndi chimodzi chokha, kuti nkhopeyo siikutanthauza kanthu. Abambo anali atayamba kale kusuntha kamuvi, pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo, mpaka kanafika pamphumi pa amayi. Anadina kawiri, n'kupendeketsa khutu lawo labwino ku sipika. Munatuluka kulira kwa mfuti ndi mawu a mnyamata wina akumasulira filimu mokuwa.

Anamvetsera pang'ono, kuti atsimikize. Kenaka anatseka bwinobwino, monga ndinawaphunzitsira, n'kusunthira pa mutu wotsatira.